Mbewu ya Jenerale

2 Malichi

Mng'ono wanga Namagalasi,

Ndikhulupirira uli bwino kutauniko. Kuno tilipo. Ana akupita kusukulu, mbuzi zikudya, msana wanga ndi womwe uja. Usadabwe kuti ndabwerera ku makalata ngati anthu akale. Foni yanga inagwera m'ndowa ya mkaka ndikukama Nyangaimodzi. Ndinaiyanika padenga masiku awiri koma yangoti zii. Kalatayi ndapatsira adalaivala a minibasi yabuluu, yankho upatsirenso omwewo.

Nkhani ndi iyi. Achimwene athu, chiwasankhireni kukhala apampando a kalabu yathu ya mbuzi za mkaka, sakhazikika pansi. Tsopano abwera ndi nzeru yakuti mbuzi zathu zitenge bere popanda tonde. Pamsonkhano tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mayi wina anafunsa ngati anawo adzabadwe ndi nyanga kapena ndi mawaya. Achimwene sanaseke. Akuti kubwera bambo wina panjinga yamoto ndi thanki yofuka utsi wozizira, ndipo m'menemo muli mbewu ya tonde m'timachubu tochepa ngati phesi la udzu. Tondeyo dzina lake ndi Jenerale, ndipo akuti amakhala kuntchito kwanuko. Anationetsa chithunzi. Chitonde chotalika ngati mwana wa ng'ombe! Ana ake aakazi akuti mkaka wake umachita kusefukira m'ndowa.

Iwe ukudziwa kuti chimwalirireni bambo a ana anga, mbuzi zisanu ndi zinayi zili m'kholamu ndiwo munda wanga, ndiyo ntchito yanga. Ndalembetsa zisanu. Bamboyo abwera pa 20 mwezi uno. Koma mtima wanga ukuti tsonga. Safunsa anadya phula. Iwe ndiwe umayeza magazi a atonde kumeneko, ndiuze zoona: Jeneraleyu ndi wabwinodi, kapena ndi chithunzi chokha?

Ukapeza mafuta opaka msana aja, uwaike m'envelopu momwemo.

Mkulu wako


9 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Moni. Ine ndili bwino, mafuta ndi amenewo. Koma mawu awa muwamve kaye musanatsegule botolo: musalole. Mbuzi yanu ngakhale imodzi isalandire mbewu ya Jenerale.

Miyezi ingapo iliyonse timatenga magazi a atonde onse, ine n'kuwayeza mu labu. Kumapeto kwa Febuluwale magazi a Jenerale anaonetsa kachilombo ka vayirasi. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa, ndinayezanso kawiri. Chimodzimodzi. Ndi kachilombo kotupitsa maondo. Mbuzi yaikulu kakaigwira, maondo amatupa mpaka imadya chogwada, bere limauma gwa ngati mwala, mkaka n'kutha, thupi n'kumangowonda ngakhale ikudya. Tiana tina timafa miyendo yakumbuyo. Mankhwala palibe, katemera palibe. Choipitsitsa n'chakuti kamabisala zaka. Jenerale mutamuona lero mungamuombere m'manja.

Njira yake yaikulu ndi mkaka, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, komanso magazi otsalira pasingano. Koma kamapezekanso mu mbewu ya tonde, ndipo kuzizira kwa m'thanki sikukapha. Thanki imasunga mbewu, imasunganso kachilomboko. Sindikunena kuti mbuzi iliyonse ingatenge, ayi. Mwina zambiri zingapulumuke. Koma ikatenga imodzi, ana ake adzayamwa matenda, ndipo khola lonse lapita pang'onopang'ono. Anthufe sikatigwira, za ana musade nkhawa.

Timachubu tafika kwanuko tinachoka kuno mu Januwale ndi pepala lakale lonena kuti tondeyo ali bwino. Ndapempha abwana kuti tiitanitse tonse tibwerere. Iwo akuti ndidekhe, ndipo akufuna ndisaine pepala latsopano lofanana ndi lakale lija. Sindinasaine.

Dzulo ndinaimbira Achimwene. Nditangotchula za magazi anati ali pamsonkhano, n'kudula. Ndaimbanso kasanu, sakuyankha. Choncho muwawerengere kalatayi, muwerengerenso kalabu yonse. Mundiyankhe msanga.

Mng'ono wanu


15 Malichi

Mlongo wanga,

Moni wa kuno. Tonse tili bwino, kupatula ine amene wandidwalitsa mutu ndi mafoni ako.

Ndakulembera kuti unditchere khutu osandidula mawu monga umachitira. Ine ndinayenda miyezi isanu ndi itatu kuti mwayi uwu ufike kuno. Makalabu ena akulira, ife tapatsidwa. Alimi makumi awiri ndi atatu andikhulupirira. Lero iwe ukufuna ndiimirire pamaso pawo ndinene kuti zonse zaima chifukwa mlongo wanga waona kanthu m'galasi?

Usaganize kuti ndinangokhala. Ndinaimbira abwana ako. Ndi munthu waulemu, anandilankhula bwino kwambiri. Anandiuza kuti makina anu nthawi zina amanama, ndipo anandiuzanso kuti iwe ndi iwo simukumwerana madzi chiyambireni chaka chifukwa anakweza mnzako pantchito iwe n'kukusiya. Ndinamva manyazi. Ngati uli ndi mkangano ndi abwana ako, umalize konko. Usaubweretse m'makola mwathu.

Bambo wa thanki uja ali ndi pepala la chidindo, ndaliona ndi maso angawa. Jenerale ndamuona pachithunzi, maondo ake ndi owongoka kuposa anga. Mbuzi yodwala imaoneka, ife taweta mbuzi iwe usanabadwe.

Mkulu wako sindinamuuze kalikonse. Ali ndi mavuto okwanira, ndipo ukudziwa kuti akagwira nkhani sataya. Nawenso usamusokoneze. Ndikupempha monga mkulu wa banja lino kuti nkhaniyi ithere pompa. Tikadzayamba kukama ana a Jenerale, udzabwera ndi chigubu chako, ndipo sindidzakukumbutsa.

Mlongo wako,
Wapampando


24 Malichi

Namagalasi,

Moni sindikupatsa wautali.

Kalata yako ya pa 9 ndailandira pa 22. Minibasi yabuluu inafa injini, inakhala kugalaja masabata awiri, kalata ili m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi zipanera. Ine kuno ndinkakunena mumtima. Ndinkati mwana uyu tauni yamulowa, mkulu wake kumufunsa funso limodzi mpaka kulephera kuyankha. Undikhululukire.

Pa 20 bamboyo anabweradi. Tonse tikumutchula kuti Wathanki. Mwa zisanu zanga anachita zitatu: Nyangaimodzi, Mathotho ndi Kadyansonga. Ziwiri zinazo anati nyengo yake yofuna tonde sinakwane, abweranso pa 23. Ndinaona ndi maso anga kuti chitsulo chimene amatsegulira mbuzi poika mbewu ankangochipukuta pakansalu n'kupita pa mbuzi ina, ndipo jakisoni wa mavitamini anabaya khola lonse la aneba ndi singano imodzi. Tsiku limenelo sindinadziwe kuti n'zolakwika. Nditawerenga kalata yako ndinakhala pansi pakhomo la khola.

Dzulo m'mawa njinga yamoto inafika, Achimwene atakwera kumbuyo atafukata thanki ngati khanda. Anandipeza nditaima pachitseko cha khola, loko ndatseka, kiyi ndamanga pansonga ya nsalu.

Achimwene anati, "Tsegula, alendo ali ndi makomo ambiri."

Ndinati, "Apite ku makomo ambiriwo. Pano salowa."

Wathanki anaseka, amvekere, "Mayi, mwayamba kuopa chitukuko?"

Ndinatulutsa kalata yako n'kuyamba kuwerenga mokweza. Aneba anayamba kusonkhana kumpanda. Nditafika pamene unalemba kuti unawaimbira foni, ndinaima, n'kuwayang'ana Achimwene m'maso. "Munkadziwa?" Iwo anayang'ana nsapato zawo. Ndinafunsanso, "Pa 20 paja, mukundigwirira Nyangaimodzi miyendo, munkadziwa?" Anati nkhani za banja sitikambira pagulu. Ndinati mbuzi zimene zabayidwa si za banja lokha.

Wathanki anatulutsa pepala lake la chidindo. Ndinamuuza awerenge tsiku limene linalembedwa. Anakana. Mayi wa kuseri kwa mpanda anamulanda n'kuwerenga yekha: Novembala chaka chatha. Anthu anayi amene ankadikira tsiku lomwelo anabweza mbuzi zawo. Njinga inachoka yopanda wotsanzika.

Achimwene sakundilankhula. Zilibe kanthu. Tsopano undiuze chochita ndi zitatuzi. Usandinyengerere, undiuze monga ungauzire mlimi amene sumudziwa.

Mkulu wako


6 Epulo

Okondedwa Achemwali,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndaiwerenga katatu. Ana muwapatse moni. Mwachita zimene ine ndili kuno sindikanatha.

Nane ndili ndi yanga. Ntchito yatha. Lolemba abwana anandiitanira mu ofesi mwawo, pepala lili patebulo, cholembera chili pamwamba pake. Anayamba ndi kundifunsa za moyo, kenaka anati, "Timachubu tapita m'maboma asanu. Ukudziwa chimene chichitike tikanena? Malo ano atsekedwa, anzako onse akhala pakhomo. Saina, Jenerale timuchotsa mwakachetechete, nkhani yatha."

Ndinati, "Mumuchotsa m'khola. Nanga m'mimba mwa mbuzi za anthu mumuchotsamo bwanji?"

Anati ndine wamwano. Anatchulanso za kukwezedwa pantchito zija, zomwe ndamva kuti anauzanso Achimwene. N'zoona, zinandiwawa nthawi imeneyo. Koma magazi a tonde sadziwa kuti wakwezedwa ndani. Ndinavula jasi loyera, ndinalipinda bwinobwino, n'kuliika pamwamba pa pepala lawolo. Pofika masana mlonda anali atauzidwa kuti ndisalowenso pageti. Zotsatira zonse zitatu ndinali nditazijambula kale, ndipo Lachiwiri ndinakazipereka kwa madokotala a ziweto a boma. Andimvera. Akuti atumiza munthu kwanuko kudzatenga magazi, koma osati lero, chifukwa kachilomboka sikaoneka msanga. Tidikire mpaka Juni.

Chochita ndi ichi. Zitatuzo zikhale m'khola lawolawo, ndi chomwera ndi chodyera chawo. Pokama muziyamba ndi zinazo, izi pomaliza, ndipo musambe m'manja. Mkaka wa zitatuzi usapite kukamwa kwa kamwana ka mbuzi kalikonse. Singano imodzi, mbuzi imodzi. Musagulitse, musabwereketse, musalole tonde wa munthu aliyense kuzikwera. Muuze onse a m'kalabu zomwezi, kaya Achimwene afune kaya asafune.

Za ine musadandaule. Ndikuthandiza mnzanga wina m'sitolo yake ya mankhwala a ziweto, ndikudya. Usiku ndimagona tulo, zomwe sindikukhulupirira kuti abwana aja akuchita.

Mng'ono wanu


28 Juni

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Papita nthawi. Kuno kwazizira, ndipo ine chifuwa chandivuta masabata awiri.

Dokotala wa boma anabwera kudzatenga magazi, ndipo zotsatira zafika Lachitatu. Mwa mbuzi makumi anayi ndi imodzi zimene zinalandira mbewu, zisanu ndi ziwiri zapezeka ndi kachilombo kako kaja. Ziwiri ndi za mkulu wako, Nyangaimodzi ndi Mathotho. Ziwiri ndi zanga. Dokotala akuti sangathe kunena ngati zonse zinatengera ku mbewu kapena zina zinatengera ku zitsulo za Wathanki. Wathankiyo foni yake sikupezekanso.

Sindikulembera kuti tikumbe zakale. Zinachitika zinachitika. Ungonena kuti unanena, ndamva kale kwa mkulu wako ndi maso ake okha. Komabe uone kuti makumi atatu ndi zinayi zili bwino, ndiye kuti sindinalakwe zonse.

Ndikufuna thandizo lako. Anthu akundiloza zala. Mkazi wanga sakupitanso kuchigayo masana chifukwa cha zonena za anthu. Ndakambirana ndi eni ake a mbuzi zodwalazo, ndipo tagwirizana chinthu chanzeru. Mbuzizi zikuoneka zonenepa, zili ndi bere, palibe angadziwe. Loweruka kumsika kumabwera ogula ochokera kutali ofuna mbuzi zoweta. Tikazigulitsa, matenda achoka m'dera lathu, kalabu ipulumuka, aliyense ayambiranso. Dokotala ananena kuti zisachoke pakhomo, koma iye ndi mmodzi, midzi yake ndi yambiri, ndipo sabweranso mpaka Ogasiti.

Wokana ndi mkulu wako yekha. Iwe amakumvera. Umulembere, umuuze kuti kusunga mbuzi yodwala ndi kudzipha wekha. Ndipo madokotala akowo usawauze za Loweruka. Wandichititsa manyazi kamodzi, ndakukhululukira. Kachiwiri usatero. Magazi athu ndi amodzi.

Mlongo wako


5 Julayi

Namagalasi,

Moni mng'ono wanga. Tili bwino, ngakhale theka la mudzi silikundipatsa moni. Theka linalo likundipatsa kawiri.

Ndamva kuti Achimwene anakulembera kuti undinyengerere. Sindinadikire yankho lako, ndinkalidziwa kale.

Lachisanu anabwera okha kunyumba, koyamba chichokereni mu Malichi. Anakhala pampando wa bambo a ana anga n'kuyamba kundiyalira nzeru zawo. Ndinawafunsa funso limodzi: "Wogulayo akaigula Mathotho, akapita nayo kwa ndani?" Anati zimenezo si zathu. Ndinati akapita nayo kwa mayi wina ngati ine, wosiyidwa ndi ana, amene adzaike mwana wa Mathotho pakati pa mbuzi zake akusekerera. Zimene anatichita abwana a mng'ono wanga, ifenso tichite kwa wina? Anaimirira n'kunena kuti ndili ndi mtima wa mwala ngati iwe. Ndinathokoza.

Loweruka ndinadzuka m'mamawa, ndinatenga chitini cha penti yofiira imene inatsala titapaka chitseko ndi burashi, n'kulunjika kumsika wa ziweto. Ndinazipeza zisanu zonse zitamangidwa pamtengo pafupi ndi sikelo, Achimwene akukambirana ndi bambo wina wa chipewa chachikopa amene anali atayamba kale kuyang'ana mano a mbuzi. Ndinatsegula chitini. Ndinangoviika burashi n'kulemba mtanda waukulu pamsana pa yoyamba. Ndili pa yachitatu, Achimwene anandigwira mkono.

"Wapenga?"

Ndinati, "Ndisiyeni, penti ingakudonthereni pa malaya a upampando."

Wachipewa uja anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Ndinamuuza zonse, mokweza, kuti ndi a kusikelo omwe amve. Ndinati mbuzi izi nyama yake ndi yabwino, wofuna kupha agule, koma wofuna kuweta akugula manda a khola lake. Bamboyo anapukuta manja pathalauza n'kubwerera m'mbuyo. Mwini wa mbuzi imodzi, mayi uja amagulitsa tomato, anandilalatira mpaka thovu kukamwa. Anati ndimudyetsera ana ake ndine? Mawu amenewo anandilasa, chifukwa mavuto ake ndimawadziwa. Ndinamuuza kuti Kadyansonga, amene wapezeka kuti alibe kachilombo, akaswa wamkazi ndi wake. Anamasula mbuzi yake n'kubwerera nayo kunyumba.

Ziwiri zinazo anagula ndi a butchala. Ziwiri za Achimwene anabwerera nazo okha, akuzikoka pamsewu, mitanda yofiira ikuonekera patali. Lamulungu kalabu inakumana ndipo upampando awachotsa. Sindinakondwe, usaganize choncho. Ndi mlongo wathu. Koma nditabadwanso, penti ija ndingaitengenso.

Tsopano bere la Nyangaimodzi lakula. Ana ali m'mimbawo ndiwatani? Kodi nawonso ndi otayika?

Mkulu wako


12 Julayi

Achimwene,

Moni. Pepani ndi chifuwa, mupite kuchipatala musangomwa madzi otentha.

Kalata yanu ndinailandira. Achemwali sindinawalembere zimene munapempha, ndipo madokotala ndinawauza tsiku lomwelo. Ndikukuuzani ndekha kuti musamve kwa wina. Mwati magazi athu ndi amodzi. N'chifukwa chake ndinakuimbirani kasanu ndi kamodzi mu Malichi. Mukanakhala munthu wapamsewu ndikanaimba kamodzi. Munasankha kukhulupirira munthu amene simunamuonepo nkhope chifukwa anakulankhulani mwaulemu. Wakutsina khutu ndi mnansi, Achimwene, ndipo kutsina kumawawa.

Kupepesa sindipepesa, ndipo inunso sindikukupemphani kuti mupepese. Pali ntchito. Ana amene ali m'mimba mwa mbuzi zanuzo ambiri amabadwa opanda kachilombo. Amakatenga akangoyamwa. Ndiye kamwana kakangotuluka, musalole mayi wake akanyambite kapena kukayamwitsa ngakhale dontho. Mukatenge ndi nsalu yoyera, mukapukute, mupite nako kutali. Mkaka woyamba wachikasu uja kamwe wa mbuzi yopanda matenda, m'botolo. Zikatero, mtundu wa Jenerale umene munaufuna uja mudzakhala nawo, wopanda chilema chake.

Ndibwera pa 10 Ogasiti ndi mabotolo, ndikhala kwa Achemwali. Ndidzaphunzitsa aliyense wofuna. Pakhomo panu sindidzafika ngati simundiitana, koma mukandiitana ndidzabwera ndikuthamanga.

Mlongo wanu


30 Ogasiti

Namagalasi wanga,

Ndikhulupirira unafika bwino, ndipo kumene a boma anakuitana kukapereka umboni wa nkhani ya Jenerale unalankhula osagwetsa maso. Undiuze zonse, makamaka nkhope ya abwana aja. Ndamva pawailesi ya aneba kuti timachubu tonse akutiitanitsa. Ndinavina ndekha m'khola, mbuzi zikundidabwa.

Unachoka Kadyansonga ndi Mathotho ataswa, Nyangaimodzi asanatero. Waswa Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, mapasa, aakazi onse. Ndinachita monga unandionetsera. Koma iwe, pa Mathotho paja unalipo, unkagwira ndiwe. Apa ndinali ndekha. Koyamba katangogwa, Nyangaimodzi anatembenuka, lilime lili kunja kuti akanyambite, ine n'kukatsomphola. Anandiyang'ana. Mbuzi imeneyi ndakhala nayo zaka zisanu ndi ziwiri, inayamwitsa mwana wanga wotsiriza pamene ine mkaka unandithera ndi maliro. Analira mpaka mawu kusasa, akugunda chitseko ndi nyanga yake imodziyo. Ine ndinali kukhitchini, tiana tili pamiyendo, botolo lili m'manja, misozi ikugwera pa ubweya wawo. Koma sindinabwerere nato. Tianato tikuyamwa bwino, dzulo tayamba kudumpha pa thumba la madeya.

A butchala abwera kawiri kudzafunsa za Nyangaimodzi. Mathotho ndawapatsa. Uyu ndakana. Akhala m'khola lake lakuseri, sadzaonanso tonde, mkaka wake sudzafika pa kamwana kalikonse, ndipo maondo akadzayamba kumuzunza ndidzaitana dokotala ndekha. Anthu akuti ndikudyetsa mbuzi yopanda phindu. Udzu ndimamweta ndine.

Mayi wa tomato anabwera kudzaona mwana wa Kadyansonga amene ndinamulonjeza. Wamutcha kale dzina, ndipo wandibweretsera tomato wodzaza mbale osanena chilichonse cha kumsika.

Tsopano imva izi. Masiku khumi onse unali kuno Achimwene sanakuitane, unapita ukudandaula. Lachinayi m'mawa ndikusesa pabwalo, ndinaona munthu akubwera chothamanga ndi njira ya kudimba, wopanda nsapato, atafukata chinthu m'malaya. Anali iwo. Malaya onse magazi ndi zamadzimadzi, m'katimo kamwana ka mbuzi konyowa, kakunjenjemera.

Anaima pakati pa bwalo akupuma movutika. Anati, "Sikanayamwe. Sanakanyambite. Ndinakhala pakhola kuyambira dzulo."

Ndinati, "Nsalu yoyera munalibe?"

Anati, "Ndinaiwala. Botolo lili kuti?"

Ndinawalowetsa kukhitchini, ndinafunditsa mkaka wa Kadyansonga, n'kuwapatsa. Anagwira botolo chozondotsa, mkaka n'kumathira kamwanako m'mphuno. Ndinawawongola dzanja. Kanayamba kuyamwa, kamchira kakugwedera. Kanamaliza botolo lonse. Kenaka osandiyang'ana anafunsa kuti, "Mwana uja anafika bwino kutauni?" Ndinati mufunseni nokha, nambala yake muli nayo. Anati mwina sangayankhe. Ndinati imbani kasanu ndi kamodzi.

Ndiye foni yako ikalira, usafulumire. Uisiye ilire pang'ono.

Mbuzi yawo yachiwiri iswa sabata ino, ndipo mabotolo atichepera. Utumize ena awiri, ndi nsonga zake zofewa zija, chifukwa mapasawa atafuna kale imodzi.

Mkulu wako